Chimfine chomwecho: ana chawasiya msanga, bambo awo chawagoneka m'chipatala

Mai a Tamanda: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndati ndikudziwitseni kuti bambo a Tamanda atuluka m'chipatala lero m'mawa, tili kunyumba tsopano. Zikomo nonse amene mumaimba foni ndi kutumiza kangachepe. Koma ndili ndi funso kwa alamu a Thoko ndi a Dalitso popeza inu ndi a zachipatala. Chimfinechi anabwera nacho ndi Tamanda kuchokera kusukulu Lolemba. Pofika Lachinayi anali akusewera fulaye panja. Mng'ono wake chimodzimodzi. Ine chinandipweteketsa mutu masiku asanu, chinatha. Bambo awo chinawagwira Lachisanu, pofika Lachiwiri amalephera kumaliza mawu osaima kaye kuti apume. Masiku anayi akhala pa okosijeni. Anawayeza COVID-19 alibe, malungo alibe. Potitulutsa adokotala akuti thupi lawoli lachititsa nawo, ayesetse kuchepetsa. Njira yonse yobwerera ku Area 25 sanandiyankhule. Kodi zoona kuti kunenepa kumakhudzana ndi chimfine, kapena adokotalawo amangofuna kunena zawo?

Yamikani (Joni): Ambuye alemekezeke kuti atuluka. Koma alamu, mwaiwala kuti achimwene ali pagulu pomwe pano? 😅

Mai a Tamanda: Sindinaiwale ayi. Ndalembera dala pano kuti amve kwa abale awo, ine akuti ndikungowonjezera.

Malume Kamwendo: Tithokoze Mulungu poyamba. Chachiwiri, ine ndikuona ngati madokotala a masiku ano chilichonse akumachimangirira pa kunenepa. Bondo likapweteka, kunenepa. Mutu, kunenepa. Chimfine chimabwera ndi kuzizira kwa Juni uno, sichiyang'ana kuti uyu ali ndi mimba kapena alibe. Ndaphunzitsa zaka 34, kalasi yonse imatsokomola limodzi, oonda ndi onenepa omwe.

Dalitso: Malume, mbali ina mwanena zoona. Kachilombo kakamalowa m'mphuno sikakuikani pa sikelo kaye. Koma pali kutenga matenda, ndiye pali kudwalika nawo. M'nyumba mwa alamumu onse anayi anatenga. Amene anakagona pabedi la chipatala ndi mmodzi. Funso lathu lili pamenepo.

Ndifotokoze m'mene ndimawauzira odwala anga. Mapapo sadzikoka okha. Pansi pake pali mnofu wopyapyala wotambalala umene umatsika tikamakoka mpweya, ngati mvukuto wa osula makasu. Mimba ikadzaza mafuta, mnofu uja umasowa kotsikira chifukwa mafutawo akuukankhira m'mwamba. Ndiye kumunsi kwa mapapo kumakhala kopanikizika tsiku ndi tsiku, ngakhale munthu ali bwinobwino. Iye sazindikira, amangoona kuti akakwera kachitunda amachita befu msanga. Tsopano chimfine chikatsikira m'chifuwa n'kutseka mbali ina ya mapapo, woonda amakhala ndi kwina kopumira. Wonenepa kwambiri kwinako anakudya kale.

Mai a Tamanda: N'chifukwa chake amakana kugona chagada? Usiku wonse amafuna akhale tsonga atatsamira mapilo atatu.

Dalitso: Eya, n'chomwecho alamu. Munthu akagona chagada mimba yonse imatsamira pachifuwa. Zili ngati mwamusenzetsa thumba la chimanga pamimba n'kumuuza kuti apume. Ndi zomwezo zimene zimachititsa mkonono uja wa msuweni wanga umene unatithamangitsa m'chipinda pa maliro a agogo ku Ntcheu.

Chikondi: 😂😂 ndimayesa galimoto ikuliza injini panja

Malume Kamwendo: Chikondi, amenewo ndi bambo ako aakulu.

Chikondi: Pepani agogo.

Thoko (Leeds): Ndangoweruka kumene, ndawerenga zonse. Alamu, adokotala anuwo sananame. Nkhani imeneyi a zaumoyo anayamba kuiona bwino mu 2009, nthawi ya chimfine cha H1N1 chija ankachitcha cha nkhumba. Mu Julaye chaka chimenecho ku Michigan ku America anaona kuti mwa odwala 10 amene anali mwakayakaya ndi chimfinecho pachipatala china, 9 anali onenepa, ndipo 7 mwa iwo onenepa kopitirira muyezo. Kufikira nthawi imeneyo pa mndandanda wa anthu oopsezedwa ndi chimfine panali okalamba, ana aang'ono, amai oyembekezera, a mphumu, a mtima, a shuga. Zitatha zimenezo anawonjezerapo onenepa kwambiri. Mpaka lero kuno ku England munthu amene BMI yake yafika 40 amabaitsa katemera wa chimfine mwaulere chaka chilichonse, ngakhale akhale wa zaka 25.

Za COVID-19 ndiye sindichita kuwerenga, ndinaziona ndi maso anga. Mu 2020 tinkawagoneka odwala chafufumimba kuti kumsana kwa mapapo kutseguke. Kutembenuza munthu mmodzi amene ali pa makina kumafuna anthu asanu kapena kuposa, ndipo akakhala wathupi lalikulu ntchito imakula, nthawi zina mimbayo imalepheretsa. Boris Johnson amene anali nduna yaikulu kuno anagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya pa chipatala cha St Thomas' mu Epulo 2020, ndipo atachira ananena yekha poyera kuti anali wonenepa kwambiri. Mu Julaye chaka chomwecho boma lake linalengeza ndondomeko yolimbana ndi kunenepa.

Esinati: BMI-yo ndi chiyani achemwali? Ndimangoiona m'buku la kuchipatala.

Thoko (Leeds): Umatenga makilo ako, n'kugawa ndi kutalika kwako kwa m'mamita utakuchulukitsa ndi kutalika komweko. Kuyambira 25 thupi lapitirira, kuyambira 30 ndiye kunenepa kumene timakunenaku, 40 ndi kopitirira muyezo. Alamu, m'buku mwawo analembamo makilo angati?

Mai a Tamanda: 108. Kutalika alemba 170.

Chikondi: 1.7 kuchulukitsa 1.7 ndi 2.89. Tikagawa 108 ikubwera 37.4

Yamikani (Joni): Mwanayu masamu akumukhoza pokhapokha akakhala okhudza akuluakulu.

Chikondi: Ndapezanso izi pa intaneti. Bungwe la World Obesity Federation mu Malichi 2021 linati mwa anthu 2.5 miliyoni amene anali atamwalira ndi COVID-19 pa dziko lonse, 2.2 miliyoni anali a m'maiko amene anthu oposa theka ali ndi BMI ya 25 kapena kuposa. Ndiye nkhani yatha agogo.

Malume Kamwendo: Siinathe ayi. Maiko amenewo ndi omwenso ali ndi nkhalamba zambirimbiri. Kuno kwathu theka la anthu ndi ana osafika zaka 20. Komanso kumeneko munthu aliyense akamwalira amalembedwa ndi chimene chamupha. Kumudzi kwathu munthu amatsokomola sabata, waluza, taika mawa lake, ndani analemba? Ndiye usamangotola nambala ngati mango ogwa okha. Komanso ndifunse: ine chibayo ndachiona chikupha anthu oonda ngati ndodo. Mkulu wanga anamwalira nacho alibe ndi mnofu womwe. Kunenepa kwake kunali kuti?

Dalitso: Apa malume mwamugwira Chikondi, ndipo ndili mbali yanu. Kuyerekeza dziko ndi dziko kumasokoneza chifukwa zosiyana n'zambiri. Umboni wolimba ndi uja woyerekeza anthu a dziko limodzi, a misinkhu yofanana. Katswiri wa za zakudya Barry Popkin ndi anzake mu 2020 anasonkhanitsa kafukufuku 75 wa m'maiko osiyanasiyana. Anapeza kuti onenepa anali ndi mpata woposa ena ndi 46 peresenti wopezeka ndi COVID-19, koma pa kugonekedwa m'chipatala zinali kuposa kawiri, ndipo pa imfa 48 peresenti. Mukuona pamene pali kusiyana kwakukulu? Ndi pa kudwalika paja.

Za oonda ndiye musakaike, m'wodi mwanga ambiri a chibayo ndi oonda. Njala, TB, HIV yosamwera mankhwala, utsi wa nkhuni ndi makala m'khitchini, zonsezi zimafooketsa chifuwa. Kuno kwathu mavuto awiriwa akukhala m'nyumba imodzi: mwana wopinimbira, mai ake onenepa.

Thoko (Leeds): Kuwonjezera pa za a Dalitso, ku England anatsata anthu 6.9 miliyoni, zinatuluka mu 2021. Chiopsezo chogonekedwa ndi COVID-19 chinali chotsika kwambiri pa BMI ya 23, kupita m'mwamba chimakwera, kutsika pansi kwa oonda kwambiri chimakweranso. Ndiye malume inu ndi a Dalitso simukutsutsana. Chimene chinandidabwitsa ine n'chakuti kunenepa kumaonetsa mphamvu kwambiri mwa achinyamata a zaka 20 mpaka 39, osati okalamba a zaka 80, ndiponso mwa anthu akuda kuposa azungu. Achimwene ali ndi zaka 44. Asamadzione ngati zaka zikuwateteza.

Malume Kamwendo: Chabwino, za kupanikizika kwa mapapo ndamva, n'zomveka ngakhale kwa mwana wa Sitandade 6. Koma ngati nkhani ndi imeneyo yokha, bwanji osangomugoneka wodwala cham'mbali basi zithe?

Dalitso: Chifukwa mafuta si katundu wongokhala phee ngati mchenga m'thumba. Ndi nyama yamoyo, imatulutsa timadzi tina m'magazi. Akachuluka, makamaka a m'kati mwa mimba ozungulira matumbo ndi chiwindi, thupi limakhala ngati lili pa nkhondo yaing'ono nthawi zonse. Asilikali a m'thupi amakhala ali kalikiliki kuzimitsa moto umene sukuzima. Ndiye mdani weniweni akafika amachedwa kudzuka, ndipo akadzuka amamenya mopanda dongosolo mpaka kuwononga mapapo amene akuwatetezawo. Ku yunivesite ya Stanford ku America mu 2022 anaonetsa kuti kachilombo ka COVID-19 kamatha kulowa m'mafuta momwemo n'kuyambitsa kutupa. Onjezerani kuti magazi a munthu wonenepa amaundana msanga, magazi oundanawo akakatseka mtsempha wa m'mapapo ndi ngozi. Onjezeraninso shuga ndi BP, zimene zimakonda kuyenda limodzi ndi thupi lalikulu. Alamu, shuga anawayeza?

Mai a Tamanda: Anayeza, akuti wakwera pang'ono, tikabwererenso pakatha masabata awiri asanadye kanthu.

Dalitso: Tsiku limenelo musalidumphe. Matenda okha amatha kukweza shuga kwa kanthawi, ndiye kuyezanso atachira ndi kumene kutiuze zoona.

Azakhali NaPhiri: Ndine Mphatso ndikulemba, agogo akuti ndilembe chonchi. Ana inu mwayamba liti kunyoza thupi? Mwana wa mchimwene wanga anakula ali woonda ngati bango, mpaka tinkapita naye kwa asing'anga. Wapeza ntchito, wakwatira mkazi wodziwa kuphika, thupi labwera, anthu kuno akamuona akutsika galimoto amati bwana afika. Lero mukuti aonde? Akabwera kuno ataonda anthu anena chiyani? Anena kuti mpongozi wathu sakumusamala, kapena anena zina zija.

Mai a Tamanda: Apongozi anena zimene zili mumtima mwanga. Ndikawapatsa mitanda iwiri m'malo mwa inayi, mawa lino ndimva kuti NaBanda akumana mwamuna chakudya. Mlandu udzakhala wanga, osati wa adokotala.

Esinati: Ndiyankhulepo ine pa "zina zija" popeza nonse mukudziwa kuti ndimamwa ma ARV kuyambira 2011. Azakhali sakunama. Ife amene tinaona zaka za kaliwondewonde, kuonda kunali chizindikiro cha maliro. Munthu ukangotsika makilo asanu, pachitsime ayamba kale kunong'onezana. Ine nditayamba mankhwala n'kuona thupi likubwerera ndinalira ndi chimwemwe. Koma chiwasinthireni mankhwala athu kupita ku 13A cha mu 2019, thupi langokhala likubwerabe osaima. Ndinali ndi makilo 62, pano 84. Zitenje zokha ndi zimene sizikundikana. Chaka chatha chimfine chinandigwira masabata atatu. Ndiye ndifunse mosabisa, ndi mankhwalawa? Ndisiye?

Dalitso: Achemwali, osasiya. Ndibwerezenso: osasiya ngakhale tsiku limodzi. Zoona mankhwala amene muli dolutegravir, monga 13A wanuyo, amanenepetsa ena, makamaka amai, kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg anaonetsa zimenezo mu 2019. Koma kachilombo kakadzukanso, chimfine chomwecho chidzakupezani mulibe chitetezo n'komwe. Ku Queens ku Blantyre anafufuza akuluakulu odwala chimfine chachikulu, HIV inapezeka kuti ndi chimodzi mwa zazikulu zimene zimachititsa kuti munthu adwalike nacho. Ndiye mankhwalawo ndi amene akukutetezani. Mukapita kukatenga ena, auzeni za makilowo, akuyezeni shuga ndi BP, alembe m'buku. Zotsalazo ndi za m'mbale ndi miyendo, monga tonsefe.

Esinati: Zikomo achimwene. Ndimaopa kufunsa kuchipatala, mzere umakhala wautali ndipo amangofuna uchoke msanga.

Thoko (Leeds): Mphatso, uwawerengere azakhali izi pang'onopang'ono. Azakhali, palibe akuti achimwene abwerere kukhala bango. Tikanena kuti atsike ndi makilo 8 kapena 10 pa 108, kumudzi palibe ndi mmodzi yemwe angazindikire, adzatsikabe galimoto ngati bwana. Koma mapapo awo adzazindikira, shuga adzazindikira, mawondo adzazindikira. Kutsika ndi 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwa munthu kumasintha kale shuga ndi BP. Ine ndikufuna adzaone Tamanda akukwatiwa, ndipo inunso mukufuna zomwezo.

Azakhali NaPhiri: Agogo akuti amva. Akuti koma nsima asamuletse, munthu sakhala ndi moyo ndi masamba ngati mbuzi.

Dalitso: Auze kuti nsima siinalakwe. Iwowo adya nsima zaka 70 ndipo ali gwa, chifukwa ndi ya mgaiwa, ndiwo zake nkhwani ndi nyemba, ndipo ikangotha amanyamula khasu. Msuweni wangayu amadzuka, tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi, galimoto mpaka pakhomo pa ofesi, masana tchipisi cha pachiwaya ndi Fanta, madzulo kanyenya ndi mabotolo angapo, kufika kunyumba alamu amusungira mitanda inayi ya ufa woyera. Ndikunama alamu?

Mai a Tamanda: Ine sindinanene kanthu.

Dalitso: Ndipo si iye yekha. Bungwe lofufuza za umoyo la MEIRU linayeza anthu pafupifupi 29,000 ku Area 25 komweko ndi ku Karonga, zinatuluka mu 2018. M'tauni amai 44 pa 100 alionse anali ndi BMI ya 25 kapena kuposa, abambo 18. Kumudzi amai 27, abambo 9. Ndiye nkhaniyi tisamaione ngati ya azungu. Mukukumbuka Januwale 2021, mpaka bwalo la Bingu linasanduka chipatala, anthu akuthamangathamanga kusaka masilinda a okosijeni? M'wodi mwathu amene ankabanika kwambiri ambiri anali achikulire komanso a shuga, a BP ndi a matupi aakulu, anthu oti kunja timawatcha odya bwino.

Yamikani (Joni): Kuno ndiye musanene. Kafukufuku wa boma wa 2016 anapeza amai 68 pa 100 alionse a kuno ku South Africa ali ndi BMI ya 25 kapena kuposa, abambo 31. Zakudya zonona ndi zotchipa kuposa masamba, kota imodzi yadzaza tchipisi, polony ndi atchar wakhuta tsiku lonse. Boma linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2018 koma anthu akumwabe. Ine ndabwera kuno ndili ndi buluku la 32, pano 38. Funso langa kwa achemwali a Thoko: kuno katemera wa chimfine amabaya ngakhale m'mafamase nyengo yozizira isanayambe. Ndinamva kuti kwa onenepa sagwira ntchito. Nditaye ndalama zanga?

Thoko (Leeds): Kabaitse Yami. Amene anakuuzayo anamva theka. Ku North Carolina anatsata akuluakulu amene anabaitsa katemera wa chimfine, zinatuluka mu 2017. Onenepa anadwala chimfine kapena matenda ofanana nacho kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi a thupi lapakatikati, ngakhale onse anabaitsa. Gulu lomwelo linali litaona kale kuti chitetezo cha katemerayo chimatsika msanga mwa onenepa pakatha chaka. Tanthauzo lake n'lakuti bulangete lako ndi lopyapyala kuposa la mnzako, osati ulitaye ugone pamtetete. Iweyo ndi amene ukulifuna kwambiri, ndipo chaka chilichonse.

Kanthu kena kakang'ono kamene anamwino ena amaiwala: katemerayu amafunika afike mu mnofu, osati athere m'mafuta a pamkono. Kwa munthu wathupi lalikulu timagwiritsa ntchito singano yotalikirapo, ya mamilimita 38 m'malo mwa 25. Uli ndi ufulu wofunsa.

Yamikani (Joni): Singano yaitali?? Mwandibweza m'mbuyo achemwali 😩

Chikondi: Bambo aang'ono amakwera pamwamba pa nyumba zosanja kukapenta koma akuopa jakisoni

Mai a Tamanda: Funso lina. Mai anga akufuna abwere Loweruka kudzazonda, ali ndi zaka 73 ndipo ali ndi mphumu. Ana anachira kalekale. Bambo awo akutsokomolabe pang'ono. Abwere?

Thoko (Leeds): Ndikanakhala ine ndikanawauza adikire sabata ina. Ku Managua ku Nicaragua anatsata mabanja m'nyumba zawo nyengo zingapo za chimfine, anapeza kuti akuluakulu onenepa amatulutsabe kachilombo ka chimfine cha mtundu wa A nthawi yotalikirapo ndi 42 peresenti kuposa osanenepa. Thupi limachedwa kukachotsa. Pofika Loweruka masiku adzakhala atapitapo ndithu, koma munthu wa zaka 73 wa mphumu si woyesera naye. Akaumirira, akhale panja pakhonde pamene pakupita mphepo, osati m'chipinda chotseka mawindo.

Bambo a Tamanda: Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba.

Yamikani (Joni): Eee. Mwadzuka bwanji achimwene 🙈

Bambo a Tamanda: Ndadzuka. Makilo anga alengezedwa, mkonono wanga walengezedwa, mpaka za pachiwaya. Dalitso tidzakumana. Koma ndinene chimodzi. Chimene chinandipweteka si mawuwo ayi, ndi kanenedwe kake. Mnyamata uja anandiuza ali chiimire pakhomo la wodi, anthu onse akumva, akuloza mimba yanga ndi cholembera. Munthu wangotsala pang'ono kufa, ndiye akuyankhula ngati wakupeza ukuba. Akanandikhazika pansi ngati m'mene wafotokozera Dalitso za mvukutozi ndikanamva tsiku lomwelo.

Ndipo usiku wa Lachiwiri uja sindidzauiwala. Ndinkakoka mpweya koma umangothera pakhosi. Anamwino anati ndigone chafufumimba, ndinayesa, mimba inandikaniza, ndinangoona mdima. Pabedi loyandikana nalo panali bambo wina wamkulu kuposa ine, wochepa thupi, iye anagona chafufumimba usiku wonse, kam'makina kake ka pachala koyeza okosijeni m'magazi kakuonetsa 94 pamene kanga kali pa 86. Ndinkangoyang'ana manambala awiriwo mpaka kucha.

Thoko (Leeds): Pepani achimwene. Kanenedwe kameneko n'kolakwika, ndipo kumeneko ndi kumene kumachititsa anthu a matupi aakulu kuzengereza kupita kuchipatala, poopa kukachititsidwa manyazi. Amafika mochedwa, ndiye timati kunenepa kwawapha pamene mbali ina ndi pakamwa pathu.

Malume Kamwendo: Mphwanga, wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atatsina mopweteka. Ine ndinayamba ndi kutsutsa, ndipo za Chikondi zija ndikutsutsabe. Koma za 86 ndi 94 zandikhazika chete.

Dalitso: Msuweni, tidzakumanadi, ubwere ndi buku lako la kuchipatala. Koma pali china chimene alamu sananene. Kuyambira Lachisanu mpaka Lachiwiri munkatani?

Mai a Tamanda: Tinkafukiza bulugamu, tiyi wa jinja ndi mandimu ndi adyo. Loweruka ndinakagula amoxicillin pagolosale.

Dalitso: Ndinadziwa. Jinja ndi mandimu zimafewetsa pakhosi, sindikuletsani. Koma amoxicillin ndi Bactrim sizipha kachilombo ka chimfine, zimapha mabakiteriya, ndipo kudziwa ngati alowererapo ndi ntchito ya woyeza. Choipa chake n'chakuti munthu akameza kapisozi mtima umakhala pansi, amati tikuchiza, masiku akupita. Kwa munthu wathupi ngati la msuweni, kapena wa shuga, wa mphumu, woyembekezera, lamulo langa ndi ili: akayamba kupuma mofulumira ali chikhalire, akamalephera kumaliza mawu, chifuwa chikamabaya, milomo ikasintha mtundu, akayamba kusokonezeka mutu, kapena kutentha thupi kukatha n'kubwereranso mwamphamvu, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Ngati mungakwanitse gulani kam'makina ka pachala kaja. Kakaonetsa 92 kapena kutsika apo, musadikire kuti kuche.

Esinati: Nanga ife opanda sikelo kunyumba tidziwa bwanji kuti tapitirira? Masamu a Chikondi aja ine ayi.

Thoko (Leeds): Tenga chingwe, uyeze kutalika kwako kuyambira kuphazi mpaka pamutu, udule pamenepo. Upinde pakati. Chingwe chopindacho uzungulize pamimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, cha pamchombo. Chikakumana uli bwino. Chikakana, mafuta a pamimba achuluka. Kuno a zaumoyo akulangiza zomwezo kuyambira 2022, kuti mimba isapitirire theka la kutalika kwako. Ndimaikonda njirayi kuposa BMI chifukwa imayang'ana pamene pali vuto. Mai wa m'chiuno ndi ntchafu zazikulu koma mimba yochepa sali pa chiopsezo chofanana ndi bambo wa miyendo yoonda ndi chimimba.

Yamikani (Joni): Ndayesa ndi chingwe cha tchaja. Chatsala zala zinayi kuti chikumane.

Chikondi: Changa chakumana mpaka kutsala 😎

Malume Kamwendo: Uli ndi zaka 19 ndipo umadya za kusukulu yogonera komweko. Tidzakufunsa ukadzayamba kulandira malipiro.

Bambo a Tamanda: Ine sindiyeza, yankho ndikulidziwa. Dalitso, kuyenda ndiyambe liti? Pano kupita kubafa kokha ndikuchita befu.

Dalitso: Usathamangire. Sabata ino ndi ya mawa uzingozungulira pabwalo, ukatopa ukhale. Mapapo akadwala chibayo amatenga masabata angapo kuti abwerere, kutopa kumatha kupitirira mwezi. Ndipo ino si nthawi yodzimana chakudya, thupi likumanga. Chimene ungasiye lero lomwe ndi Fanta, Sobo, mowa ndi masupuni anayi aja. Za mitanda tidzakambirana ukadzabwera ku shuga kuja.

Bambo a Tamanda: Masupuni awiri.

Dalitso: Imodzi.

Mai a Tamanda: Shuga amasunga ndine, musavutike. Mphatso, uwauze apongozi kuti ngati kuli mgaiwa wa chimanga chatsopano atitumizireko thumba laling'ono pa minibasi ya Lachisanu, ndi mfutso ngati ulipo. Ndalama ya transipoti nditumiza pa foni yako.

Azakhali NaPhiri: Agogo akuti mgaiwa ulipo, mfutso wa khwanya ulipo. Akuti aikamonso nkhuku imodzi, ndipo Dalitso asamve.